Zikomo Kawiri

Mzungu wa m'sewerolo atatulutsa phukusi la nyama pansi pa tebulo, a Gilson Daka anagwira chipewa chawo pa bondo ndi manja onse awiri. M'chipinda chonsecho, iwo okha ndi amene ankadziwa mawu amene ankabwera.

Munali mu Okutobala wa 1984, sabata yokondwerera zaka makumi awiri za ufulu. Mumzere wonse wa nyumba zawo ku Kabwata mu Lusaka, wailesi ya kanema inali imodzi yokha, ya a Hector, kalaliki wa m'boma, ndipo madzulo amenewo aliyense anakumbukira mwadzidzidzi kuti a Hector ndi mnansi wake wapamtima. Anthu anadzaza pabalaza, ena akusuzumira pa mawindo, thukuta lili kamukamu. Sewerolo linali la mbiri yakale, la masiku amene anthu akuda ananyanyala kugula nyama m'mabutchala a azungu chifukwa ankawagulitsira pa kazenera ka kumbali, osawalola kulowa pakhomo.

A Daka anawapatsa mpando wa khushoni, poti amene anakonza sewerolo anali mkamwini wawo, Wilbroad Kampamba. Dzina lawo lomwe linaoneka pa galasi poyamba penipeni, kuti ndiwo anathandiza ndi mbiri yake, ndipo anthu anawaombera m'manja. Pamphasa, pafupi ndi mapazi awo, panakhala amayi Bernadette Soko, mkazi wamasiye wa malemu Amock Soko, bwenzi la a Daka kuyambira paunyamata. Anavala chitenje cha Chipani chimene ankayenda nacho pa perete chaka ndi chaka, monga mkazi wa munthu amene anagonapo m'selo chifukwa cha ufulu.

Pa galasipo, wantchito wa m'butchala wotchedwa Jonasi anali atangomaliza kutchulira wapolisi mayina asanu a anthu amene ankatsogolera kunyanyalako. Tsopano ankalandira mphotho yake. Anawerama, naomba m'manja, nati, "Zikomo kawiri, bwana. Loyamba la lero, lachiwiri la mawa, mwina sitionana."

Anthu pabalaza anayang'anana. Kenako mayi wina wa pa windo anafunsa ndi mawu amene iye ankayesa kuti ndi apansi, "Imwe, si ba Soko aba?"

"Ni ba Zikomo Kawili beve," anayankha wina mumdima wa pakhonde. "Kansi ndiye vamene vinachitika?"

Ku Kabwata kunalibe munthu wamkulu amene sankawadziwa mawu amenewo. Amock Soko ankathokoza choncho moyo wake wonse. Ukamubwereka machesi, ukamusonyeza njira, ukamupatsa malo mu basi, iye ankawerama n'kunena zomwezo, mpaka ana anaiwala dzina lake lenileni n'kumangomutcha a Zikomo Kawiri. M'Lusaka monse munalibe wina wothokoza motero.

Amayi Soko anadzuka pang'onopang'ono, nakonza chitenje chawo, natuluka. Anthu anawapatsa njira ndi changu chimene sichinali cha ulemu. A Daka anawaona akutuluka, ndipo apo ndi pamene akanayankhula. Koma anangokhala pa khushoni paja mpaka sewero linatha, nalandira moni wa anthu owayamikira.

Nkhaniyi inayamba miyezi itatu m'mbuyomo, tsiku la Sondo, ku Woodlands kumene mwana wawo Winifred anakwatiwa. Atatha kudya, Winifred anapita kukasambitsa khanda, ndipo Wilbroad anakoka mpando, kope lili m'manja. Wilbroad anakulira ku chigawo cha Migodi, za Lusaka wakale ankangozimva, choncho apongozi ake anali ngati nkhokwe kwa iye.

"Batata," anatero, "drama yanga ili na bantu babwino beka-beka. Bantu bazagona pa mipando. Nifuna muntu umozi wamene bazazonda. Panalibe kapilikoni masiku yaja, wamene anali kugulisa banzake?"

"Analipo," anayankha a Daka.

Iwo eni sanadziwe chimene chinawatsegula pakamwa. Mwina chinali chikhumbo choti mkamwini wophunzira awaone kuti nawonso ali ndi zodziwa. Mwinanso kunali kutopa, pakuti nkhani imeneyi anali ataisenza zaka makumi atatu osauzako munthu, ngakhale malemu mkazi wawo. Anaifotokoza yonse ngati ya munthu wina, ndipo anamva kupepukidwa poifotokoza.

Zoona zake n'zakuti kapilikoniyo anali iwo. Masiku amenewo a Daka ndi Amock ankagwira ntchito m'butchala imodzi chakufupi ndi Cairo Road. A Daka ankaima pa kazenera, Amock ankaperekera nyama m'nyumba za azungu pa njinga. Kunyanyala kutafika sabata yachitatu, mwini butchala anaitanira a Daka kuchipinda cha kuseri, kumene anapeza wapolisi atakhala. Anawauza kuti asankhe pakati pa mayina ndi ntchito. Mkazi wawo anali woyembekezera Winifred, ndipo nyumba imene ankakhala inali ya pa ntchito pomwepo. Anatchula mayina asanu.

Chimene sankadziwa n'chakuti tsiku lomwelo Amock anali pa msonkhano ndi anthu asanuwo. Apolisi anangotola onse asanu ndi mmodzi. A Daka anagwada pamaso pa mzungu wawo kumupempha kuti awombole wa njinga wake, ndipo Amock anatuluka patapita masiku awiri okha. Anzake aja anakhala miyezi isanu ndi umodzi. Anthu ananong'onezana pang'ono za masiku awiriwo, koma Amock anali munthu wovuta kumuda, ndipo manong'onong'owo anazilala okha.

"Manje pamene muzungu anamupasa nyama," anafunsa Wilbroad cholembera chili m'mwamba, "anakamba chani?"

Kunena zoona, tsiku lija kapilikoniyo sananene kanthu. Anangotenga phukusi n'kulilowetsa m'malaya. Koma a Daka anaona maso a mkamwini wawo akuwayang'anitsitsa, ndipo anachita mantha kuti akachedwa kuyankha, mnyamatayu aona nkhope ya kapilikoni pa nkhope yawo. Anafuna kuti munthu wa m'nkhaniyo akhale ndi mawu akutali ndi awo. Mawu amene anali pafupi m'khutu mwawo anali a Amock, amene anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo ndipo ankamusowa tsiku lililonse. Anawatchula.

Wilbroad anaseka mpaka kudzimenya pa ntchafu. "Iyi ndiye laini, batata. Iyi bantu sibazaibala."

A Daka ali mu minibasi yobwerera ku Kabwata anatsimikiza kuti Lolemba akamuuza kuti afufute mawuwo. Lolemba linadutsa. Anadzilimbitsa mtima kuti olemba masewero amataya zambiri, mwina ndi izi ataya. Wilbroad atawauza mwezi wotsatira kuti wosewera Jonasi wawakonda kwambiri mawuwo, iwo anangoti, "Oo," n'kufunsa za khanda. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi anaopa kuchita manyazi pamaso pa mkamwini, ndipo manyaziwo anawasenzetsa munthu wakufa.

Kuchokera pamene anasiya ntchito ya m'butchala, a Daka ankasoka zovala pa khonde la sitolo ina, moyang'anizana ndi geti la msika wa Kabwata. Tebulo la amayi Soko linali loyamba ukangolowa pa getipo, malo abwino amene anawapatsa kalekale polemekeza amuna awo. Ankagulitsa kapenta, nyemba ndi tomato. Choncho zonse zimene zinatsatira, a Daka anaziona atakhala pa makina awo, ngati kuti sewero likupitirira.

Tsiku loyamba anthu ankangodutsa tebulolo maso ali kumbali. Tsiku lachiwiri anayamba kuima, koma osati kudzagula. Bambo wina woledzera ananyamula tomato mmodzi, nawerama mpaka pansi, nati, "Zikomo kawili, bwana," ndipo msika wonse unafa ndi phwete. Pofika Lachinayi mawuwo anali m'kamwam'kamwa. Makondakitala a minibasi ankawanena, ogulitsa makala ankawanena, ndipo aliyense amene anabera mnzake kasitomala ankatchedwa Zikomo Kawiri. Amayi Soko ankakhala kuseri kwa milu yawo ya kapenta, msana uli chilili, akuingitsa ntchentche.

Tsiku lomwelo masana anafika amayi Petronella, wapampando wa amayi a Chipani pamsikapo. Masiku amenewo tebulo la mumsika silinali la munthu, linali la Chipani, ndipo Chipani pamsika wa Kabwata chinali amayi Petronella. Anthu ankawaopa, komabe pa nkhani iyi anali ndi chifukwa chawo. Bambo awo anali mmodzi mwa asanu aja, ndipo anatuluka m'ndende akutsokomola magazi, namwalira mwana wawoyo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

"Amai Soko, pa Chibelu muzabwela ku miting'i ya bulanchi," anatero, kutanthauza Loweruka, mawu awo akumveka mpaka tsidya la msewu. "Tikambe za tebulo iyi. Ine nakula nilibe batate, imwe munkala pa geti."

A Daka anasokera thumba la buluku la munthu mozondoka, ndipo anachita kulisomola kawiri.

Lachisanu m'mawa anatseka makina ndi nsalu n'kukwera minibasi kupita ku wailesi. Mlonda wa pa geti sanawalole kulowa, choncho anadikira padzuwa mpaka Wilbroad anatuluka, tayi ili pakhosi, nkhope ili yotopa.

"Nziba vamene mwabwelela, batata," anatero mnyamatayo atapereka moni. "Winifred sanikambisa kuchokela tsiku lija. Akuti nanyoza ba ankolo bake bakufa. Ine nenze kubaziba kuti?"

"Apongozi, cholakwa si chanu," anatero a Daka. "Koma nipempha kuti mulengeze pa kanema pomwepo kuti mau aja analowa molakwika. Kapena muonetsenso sewelo lija mutachotsako pamene paja."

Wilbroad anapukusa mutu. "Tepi ija kulibe. Matepi ni yang'ono pano, tinajambulilapo kale peleti ya Indipendensi. Elo bakulu-bakulu baikonda maningi drama ija. Ningayende bwanji kubauza ati mbili inali na misiteki? Ni drama chabe, batata. Tinachinja na zina, tinaika Jonasi. Bantu bazaibala."

"Munanena nokha kuti sadzaiwala."

A Daka anayang'ana nsapato zawo. "Apongozi, munthu uja wa m'butchala..."

"Batata." Wilbroad anakweza dzanja mwaulemu, koma analikweza ndithu. Anayang'ana kwa mlonda, kenako anatsitsa mawu. "Muntu uja anali yeka na muzungu na kapokola mu chipinda. Nakhala niganiza kuti imwe munaziba bwanji vonse vamene vinakambiwa muja. Sinifuna yankho. Zina yanu ili pa pulogalamu yanga, elo nili na bana babili. Ngati muli na vokamba, osanikambila ine."

Anawaperekeza mpaka pokwerera basi monga mkamwini wa khalidwe, koma njira yonse sanayang'anane.

Masana omwewo a Daka anapita kunyumba kwa amayi Soko, amene tsiku limenelo sanapite kumsika. Nyumbayi ankaidziwa ngati yawo. Anadyamo Khirisimasi zosawerengeka, ndipo ndi iwo amene anayendetsa mwambo wa maliro a Amock pabwalo pake. Atalowa, maso awo anapita pa khoma pamene nthawi zonse pankakhala chithunzi cha mnzawo atavala jekete la ukwati. Panali msomali wokha. Chithunzicho chinali pansi, chitatsamira khoma chafufumimba.

Pa tebulo panali kapepala ka kutchalitchi. Mwezi wa Novembala unali pafupi, pamene Akatolika amalemba mayina a abale awo omwalira kuti awapempherere pa Misa. Amayi Soko anali atalemba makolo awo ndi mwana wawo amene anamwalira ali wakhanda. Mzere wapamwamba, umene chaka chilichonse unkakhala wa Amock, unali wopanda kanthu.

"Alamu," anatero mayiwo osawapatsa ndi madzi omwe, "za tebulo sizinidetsa nkhawa kwambili. Ningagulitse pansi. Chimene chanilanda tulo ni masiku awili aja."

"Amake Regina..."

"Ninamufunsa kangati? Amock, anzako akhala miyezi, iwe watuluka bwanji? Iye amvekele, sindidziwa, Berna, anangotsegula chitseko ati pita. Ine n'kukhulupilila. Zaka zonsezi nayenda pa peleti, nivina, niimba, mwana wa munthu amene mwamuna wanga anamupha ali pambali panga." Misozi sinagwe. "Nagona zaka makumi atatu na munthu amene sininamudziwe. Tsopano nilephela na kumupemphelela komwe."

"Amock sanali munthu wotelo," anatero a Daka. Mawuwo anatuluka ofooka, onga amene munthu amanena pamaliro a munthu wosamudziwa.

"Nanga apongozi anu mau aja anawatenga kuti, ngati si kwa inu? Inu munali naye pa nchito. Munadziwa, ndipo munanibisila kuti musanipweteke. Sinikuimbani mlandu, alamu. Mwakhala bwenzi labwino."

Kumva mawu akuti bwenzi labwino kunawawawa a Daka kuposa kutukwanidwa. Anatsegula pakamwa, koma m'maso mwawo munabwera nkhope ya Winifred, ana ake awiri ndi nyumba ya mpanda ya ku Woodlands. Anatsanzika nanena kuti aonana ku msonkhano. Pa njira anadzida kwambiri, ndipo kanali koyamba kuti adzide popanda kudzipezera chifukwa chodzikhululukira.

Msonkhano unachitika Loweruka m'mawa pansi pa shedi ya msika. Anthu anabwera ambiri kuposa amene amabwera pa misonkhano ya zaukhondo. Anayamba ndi nyimbo za Chipani, kenako amayi Petronella anafotokoza nkhani yonse monga inaonekera pa kanema, osasiya ndi kuwerama komwe. Amayi Soko anakhala pa benchi yakutsogolo okhaokha, atavala chitenje wamba. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, anangopukusa mutu.

Apo a Daka anaimirira. Anagwira mzati wa shedi.

"Amai a cheyamani, nipempha kulankhula. Amene anatchula maina aja si Amock Soko. Ndine."

Anthu anatembenuka. A Daka anafotokoza zonse mwadongosolo, za chipinda cha kuseri, za mimba ya mkazi wawo, za kugwada kwawo kuti Amock atuluke, ndi za tsiku la Sondo ku Woodlands pamene anaika mawu a mnzawo m'kamwa mwa kapilikoni. Ankayembekeza kuti anthu awakuwiza, mwinanso kuwamenya, ndipo anali atakonzeka. Chimene sanachikonzekere ndi chimene chinachitika. Nkhope za anthu zinayamba kufewa. Mayi wina wogulitsa ifisashi, ndiwo zamasamba zotendera, anapukuta msozi, nanong'oneza mnzake kuti ubwenzi wotere masiku ano kulibe.

"Ba Daka, nkalani pansi," anatero amayi Petronella, mawu awo ali ofatsa kusiyana ndi kale lonse. "Tiziba anali munzanu. Mufuna kusenza mulandu wake kuti amai aba basachoke pa geti. Ni mutima wabwino, koma osasobela na ise."

"Sindinama, amai. Atate anu ninawapeleka ndine."

"Zina yanu tinaiona pa TV tonse. Muganiza boma ingaike zina ya kapilikoni pa TV, pa wiki ya Indipendensi? Ba kuwailesi banafufuza, ni bantu bophunzila. Elo tinamvela na matu yatu. Imwe munakambapo liti zikomo kawili?"

Anthu anaseka, kuseka kwa chifundo. Dzanja la munthu linawakoka jekete kuti akhale. A Daka anaona kuti choonadi chawo chachedwa, ndipo kanema wa ola limodzi wachiposa mphamvu. Anasiya kuyang'ana wapampando, natembenukira ku benchi yakutsogolo.

"Amake Regina," anatero, "m'sewelo muja phukusi silinatsegulidwe. Nikuuzeni zimene zinali m'kati. Unali mchila wa ng'ombe, wokulunga m'nyuzipepala. Theka tinadya kwathu. Theka linalo ninabwela nalo kwanu madzulo a tsiku limene Amock anagwidwa, ninati mulimbe mtima, alamu, nakupezelani kandiwo. Inu munaphika, m'mawa mwake munapita nako ku polisi m'kambale kofiila kuti mwamuna wanu adye."

Amayi Soko anatembenuka pang'onopang'ono. Anawayang'ana a Daka nthawi yaitali, pakamwa pali potsegula pang'ono, ndipo a Daka anaona kuti akumbukira kambale kofiirako. Anthu ena onse sanamve kanthu pa nkhani ya mchira wa ng'ombe. Wina kumbuyo anati mdala wayamba kuzungulira mutu ndi dzuwa la Okutobala.

Anaponya voti yokweza manja, ndipo sinachedwe. Tebulo la pa geti analipereka kwa mayi wina wa nyemba, ndipo amayi Soko anauzidwa kuti asadzavalenso chitenje cha Chipani pa perete. Potuluka, anthu angapo anagwira a Daka chanza. Amayi Petronella omwe anawasisita paphewa n'kuwauza kuti Mulungu awadalitse, komanso kuti awabweretsera madilesi awiri oti awachepetse.

Amayi Soko analongedza matumba awo a kapenta ndi nyemba mu wilibala yobwereka. A Daka anayandikira kuti agwire zogwirira, koma mayiwo anangoima n'kuwayang'ana mpaka iwo anachotsa manja. Anakankha okha wilibalayo kudutsa pa geti, kudutsa pa makina osokera, kulowa mumzere wa nyumba zawo. A Daka ankatsatira kumbuyo patali pang'ono, osadziwa kuti akutsatiranji.

Atafika, mayiwo analowa m'nyumba n'kusiya chitseko chotsegula. A Daka anaima pabwalo, pamalo pomwe anaimapo tsiku la maliro. Anawaona akutola chithunzi chija pansi, kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuchikoleka pa msomali wake. Kenako anakhala pa tebulo, natenga cholembera, nalemba pa mzere wapamwamba wa kapepala ka kutchalitchi. Analemba mosathamanga, monga munthu amene sukulu anaisiyira panjira. Atamaliza ndi pamene analira, mwakachetechete, dzanja lili pa pepalapo.

Patapita nthawi anatuluka naima pakhomo, maso ali ofiira.

"Zaka makumi atatu, a Daka," anatero. Sananene kuti alamu. "Munadya m'nyumba muno, munanyamula ana anga pa ubatizo, munanyamula bokosi lake. Iye anapita ku manda akali kudabwa kuti anatuluka bwanji, inu muli pambali pa bedi lake. Dzulo lomweli munakhala pa mpando uwo, n'kuniona nikumukana mwamuna wanga, inu duu."

"Nilibe mau, amake Regina."

"Mau muli nao. Munangosankha a eni ake." Anapuma mozama, nayang'ana matumba amene anali mu wilibala. "Tebulo lapita, dzina lake m'Kabwata lapita, ndipo inu anthu akupatsani ulemu woonjezela. Koma ine mwanibwezela mwamuna wanga. Pa chimenecho chokha, zikomo."

A Daka anaima pomwepo chipewa chili m'manja. Zaka zonse zimene anabwera pa nyumba imeneyi, zikomo wa pakhomo pano ankabwera kawiri, wa lero ndi wa mawa, ndipo anadzipeza akudikira wachiwiriyo. Amayi Soko analowetsa matumba awo limodzilimodzi, natseka chitseko.